Kumanga goli pa mtengo wa ngolo kuti lisaguluke pamtsetse

Ngolo sikonda kuchita ngozi pachikweza. Pachikweza ng'ombe zimangofooka, zimaima n'kumapuma mwawefuwefu, mwini ngolo n'kutsitsako matumba awiri, ulendo n'kupitirira. Ngozi zenizeni zimachitikira pamtsetse, pamene katundu wasiya kukokedwa ndipo wayamba kukankha yekha. Nthawi imeneyo moyo wa ng'ombe, wa woyendetsa ndi wa ana amene akhala pamwamba pa matumba umatsamira pa kachitsulo kamodzi kamene kalumikiza goli ndi mtengo wa ngolo, mtengo wautali uja wochokera ku bokosi n'kudutsa pakati pa ng'ombe. Mukamayenda m'misewu ya fumbi ya ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Mzimba, mudzasuzumire pamalo amenewa pa ngolo zimene mukukumana nazo. Mudzapeza waya wopotapota, mphira wa tayala, msomali wa mainchesi 6 wopindidwa, penanso neti ya udzudzu yopotedwa ngati chingwe. Matayala abwino, bokosi lopaka penti, koma pamene pagona nkhani pali waya.

Ine ndinaziona ndili mnyamata, tikututa njerwa ndi ngolo ya amalume. Goli linali ndi mphete yake bwinobwino, mtengo unkalowa m'mphetemo, kutsogolo kwake tinkatsekako ndi msomali waukulu. Kumbuyo kwa mphete kunalibe kanthu. Titayamba kutsika kulowera kukamtsinje, mtengo unasololoka kudutsa m'mphete, bokosi n'kudzagunda ng'ombe m'miyendo yakumbuyo. Ng'ombe zinadzidzimuka n'kulumphira kutsogolo, mphete inabwerera ndi mphamvu n'kudula msomali uja, mtengo unagwa n'kuzika pansi, ngolo n'kugudubuzika chammbali. Ng'ombe imodzi inatsimphina dzinja lonse, tinalima ndi makasu chaka chimenecho. Amalume sanakalipe. Anatola zidutswa ziwiri za msomali, n'kundiika m'manja. "Mphwanga," anatero, "ng'ombe ziwiri ndi ngolo tinaziika pa kameneka."

Musanagule chitsulo chilichonse, mvetsani kaye kuti pamalo amenewa pamabwera mphamvu za mbali zinayi. Ng'ombe zikamakoka, goli limafuna kuthawira kutsogolo n'kuchoka kunsonga ya mtengo. Pamtsetse kapena poima, mtengo ndi umene umafuna kuthawira kutsogolo kudutsa pansi pa goli. Katundu akalemera kutsogolo kwa matayala, mtengo umapanikiza goli pansi. Akalemera kumbuyo, mtengo umadzuka n'kunyamula goli, zingwe za kunsi kwa khosi n'kuyamba kutsamwitsa ng'ombe. Anthu ambiri amamanga poganizira mbali yoyamba yokhayo. Ntchito yathu pano ndi kutseka mbali zonse zinayi, koma osalimbitsa mpaka goli kuuma gwa ngati lakhomeredwa. Goli liyenera kumasewera pang'ono, chifukwa ng'ombe ziwiri siziponda mofanana, ndipo msewu wa kumudzi suli ngati tebulo.

Zoti mukhale nazo

Mufunika chitsulo chobulungira chosalala cha mamilimita 16, chimene owotcherera amati round bar, chopangira mphete ndi chogwirira goli. Musalole kuti akupangireni ndi chitsulo cha mizeremizere chija amaika m'konkire. Mizere yake imadya chitsulo chinzake ngati tupa, ndipo china chimachita ming'alu chikapindidwa chozizira kapena chikawotchereredwa. Mufunikanso flat bar, chitsulo chafulati chija, ya mamilimita 40 kapena 50 m'lifupi ndi 6 kuchindikala kwake, mabawuti atatu a mamilimita 12 otalika mokwanira kudutsa mtengo wonse, mawashala akuluakulu, ndi manati awiri pa bawuti iliyonse. Pogula mabawuti yang'anani pamutu pake. Olimba amakhala ndi nambala 8.8, olembedwa 4.6 kapena opanda nambala ndi ofewa, asiyeni akamangire mageti.

Kenako chikhomo cha chitsulo cha mamilimita 16 kapena 20, chotsekera mphete kuti isachoke kunsonga ya mtengo. Chabwino kwambiri ndi chija amakokera ngolo ya thalakitala, chimene chimabwera ndi chogwirira pamwamba ndi kabowo kunsi. Chimapezeka m'masitolo a zipangizo za ulimi. Chikasowa, bawuti ya 8.8 ya mamilimita 20 igwira ntchito. Gulaninso R-clip kapena split pin ziwiri kapena zitatu, tizitsulo tolowetsa m'kabowo kaja potsekera chikhomocho, tcheni cha mamilimita 8 chotalika mita imodzi ndi theka, ndi D-shackle imodzi, kachitsulo kolumikizira tcheni kotsekedwa ndi kabawuti, yolowa bwino m'maso a tchenicho. Sipanala ya 19 imamanga manati a bawuti ya 12, ya 24 imamanga a 16. Ndalama yake yonse ikhoza kukuwawani tsiku logula, koma siyandikira n'komwe mtengo wa ng'ombe imodzi yophunzitsidwa.

Yambani ndi mtengo wa ngolo

Mtengo umenewu, umene m'mabuku a zaulimi a kuno kum'mwera kwa Africa amaulemba kuti disselboom potengera chi Afrikaans, umakhala wa bulugamu kapena wa paipi yachitsulo. Ngati ndi wa bulugamu, tengani mpeni mubaye kunsonga ndi mozungulira mabowo akale. Mpeni ukalowa mosavuta, kapena mukaona ufa wa kufumbwa, dulani mpaka pamene pali polimba. Penti asakunyengeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukadula, imikani ng'ombe pamalo pake muone ngati mtengo ukadali wotalika mokwanira. Pakati pa matako a ng'ombe ndi bokosi pazitsala danga losachepera theka la mita, kuti potembenuka kapena potsika bokosi lisazikhudze. Ukafupika, sinthani mtengo wonse. Kulumikiza mtengo ndi chidutswa china pafupi ndi goli ndi kudzitchera msampha.

Mtengo watsopano ukhale wouma, wowongoka, wopanda mfundo kunsonga. Wauwisi umanyala ukamauma, ndipo mabawuti amene munamanga zolimba lero adzakhala akugwedera mwezi usanathe.

Nsonga ya mtengo iyenera kuvala chitsulo, chifukwa mphete ikamakhuzana ndi mtengo weniweni imaudya. Pali njira ziwiri. Yoyamba, kulowetsa chidutswa cha paipi cha masentimita 40 kunsongako, mutasema mtengo kuti ulowe mothina pomenya ndi hamala. Yachiwiri, kupinda flat bar ngati chilembo U, kuti mwendo umodzi ugone pamwamba pa mtengo, wina kunsi, popindikapo pakumbatire nsonga. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa mtengo umaonekabe m'mbali ndipo ukayamba kuola mumadziwa msanga, pamene paipi imabisa chinyezi. Mangani ndi mabawuti odutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi, motalikirana masentimita 10 kapena kuposa. Mabowo oyandikana amang'amba mtengo motsatira mitsempha yake monga mmene timawazira nkhuni. Boolani ndi chiboolero cha saizi ya bawutiyo. Ndikudziwa kuti kumudzi timaboola ndi chitsulo chamoto, koma moto umasiya makala m'bowo, makalawo akayoyoka bowo limakula. Ngati palibe njira ina, otcherani ndi chitsulo chocheperapo, kenako mukhomere bawuti mothina.

Ngati mtengo ndi wa paipi, ugogodeni ndi hamala kuyambira kunsonga. Pamene dzimbiri ladya m'kati pamalira mosiyana, ndipo nthawi zina pamafwapuka. Paipi imene chitsulo chake ndi chopyapyala kuposa mamilimita 3 si yoti muidalire. Uzani owotcherera atseke kunsonga ndi kachitsulo kuti madzi a mvula asamalowe.

Mphete ya pagoli

Pezani pakati penipeni pa goli poyeza kuchokera pa chikeyi cham'kati cha mbali iyi kufika pa chikeyi cham'kati cha mbali inayo, n'kugawa pawiri (zikeyi ndi timitengo tija tolowa m'goli mbali ziwiri za khosi la ng'ombe). Musayeze kuchokera kunsonga za goli, chifukwa magoli ambiri osema pamanja nsonga zake sizifanana. Mphete ikapatuka ngakhale ndi zala ziwiri, ng'ombe imene yayandikana nayo imasenza katundu wochuluka tsiku lonse. Alimi ena amachita dala zimenezi pofuna kupeputsira ng'ombe yaing'ono, amasendeza mphete kufupi ndi yamphamvu. Nzeru imeneyi ndi yoona, koma ichitike mwadala, osati mwangozi. Kumbukiraninso kuti goli la ngolo limatalikirapo kuposa lolimira, popeza mtengo umadutsa pakati pa ng'ombe ndipo suyenera kumazikhula m'nthiti.

Pakati pa goli ndi pamene limathyokera, ndiye bowo lililonse limene mungaboolepo likulifooketsa pamalo oipitsitsa. Ngati goli ndi lonenepa bwino, mukhoza kuboola mabowo awiri n'kulowetsa U-bolt ya mamilimita 16, chitsulo chopindidwa ngati chilembo U chokhala ndi ulusi wa manati kunsonga zonse ziwiri, kuchokera kunsi, pamwamba n'kuikapo chidutswa cha flat bar chokhala ndi mabowo awiri kuti manati asamire mumtengo. Ngati goli ndi lowonda, musaboole. Pangitsani U-bolt yaikulu yokumbatira goli lonse, isemereni kamphako kosaya kuti isamatsetserekere kumbali, n'kuimanga ndi flat bar yomweyo. Mphete mulowetse mu U-bolt musanamange. Manati awiriawiri: yoyamba ilimbe, yachiwiri muimange moikanikiza pa inzake, sipanala ziwiri m'manja. Ulusi wotsala pamwamba udulidwe ndi kusalazidwa, chifukwa umang'amba zingwe, zovala ndi manja a anthu.

Kukula kwa mphete ndiye kofunika kuyeza, osati kungoyerekeza ndi maso. M'kati mwake mukule kuposa mtengo wovala chitsulo ndi masentimita awiri kapena atatu. Mtengo ukakhala wa masentimita 8, mphete ikhale ya 10 kapena 11 m'kati. Yothina imakakamira potembenuka n'kumapotokola makosi a ng'ombe. Yaikulu kwambiri imalumpha zotchinga zimene tikufuna kuika. Polumikizira mphete auzeni owotcherera asongole nsonga zonse ziwiri kaye kuti moto ulowe mpaka m'kati. Kungopaka pamwamba kumaoneka bwino, koma kumatseguka tsiku la katundu wolemera. Ikazizira, iikeni pa chitsulo muimenye ndi hamala yaikulu polumikizirapo. Ndi bwino itsegukire pamaso pa amene waipanga.

Chotchinga kumbuyo, chikhomo kutsogolo

Apa ndiye pamene tinalakwitsa pa ngolo ya amalume. Goli limakhala pamwamba, mphete imalendewera kunsi kwake, mtengo umalowa m'mphete n'kutsamira pansi pa mpheteyo. Choncho chotchinga cha kumbuyo chiyenera kukhala kunsi kwa mtengo, pamene mphete imakhudza. Chipangidwe ndi chidutswa cha chitsulo chochindikala, choimirira ngati chidendene, chowotchereredwa pa flat bar ya kunsi kapena pa paipi, chokhala ndi kachitsulo kochichirikiza kumbuyo kwake kuti chisagonere. Nkhope yake yoyang'ana kutsogolo ikhale yoongoka. Ikakhala yopendekera kumbuyo mphete imakwerapo ngati pa chulu.

Kutalika kwa chotchinga kuwerengedwe motere: kunenepa kwa mtengo kuphatikiza kutalika kwa chotchinga kupose m'kati mwa mphete. Pa mtengo wa masentimita 8 ndi mphete ya 11, danga ndi masentimita atatu, ndiye chotchinga chikhale cha 5. Chifukwa chake n'chakuti pabampu mtengo umadumpha m'mphete, ndipo chotchinga chachifupi chimadutsa nthawi yomweyo. Mukamaliza, gwirani goli ndi manja, yesetsani mwa njira iliyonse kudutsitsa mphete pa chotchingacho: pendeketsani, nyamulani, potozani. Mukatha inu, ngolo idzathanso.

Tsopano kutsogolo. Kankhirani mphete pa chotchinga, siyani danga la zala ziwiri kutsogolo kwa mpheteyo, pamenepo ndi pamene pabooledwe bowo la chikhomo, kuchokera pamwamba kutulukira kunsi. Danga limeneli lisakule. Likakula, nthawi iliyonse ng'ombe zikanyamuka kapena kuima, ngolo imayamba yathamanga kaye m'dangamo kenako n'kugunda, ndipo kugunda kumeneko kumathera pa linunda la ng'ombe. Zilonda zina za pakhosi zimene timanamizira goli zimachokera pa kugwedera kumeneku. Kutsogolo kwa bowo kutsale chitsulo cha masentimita 8 kapena 10 kufika kunsonga, kuti bowo lisang'ambikire kunja.

Pa ngolo ya ng'ombe chikhomo chimenechi ndi chimene chimasenza mphamvu yonse yokoka. Matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50 ndi theka la tani, osawerengera ngolo yeniyeniyo, ndipo tonse tikudziwa kuti nthawi yokolola palibe amene amaima pa matumba 10. N'chifukwa chake ndimati chikhomo cha mamilimita 20 chimaposa cha 16 kwa amene amatuta njerwa, mchenga kapena manyowa. Pa paipi, bowo lopanda chochirikiza limasanduka lachowulungika ngati dzira pakapita miyezi. Uzani owotcherera alowetsemo kachidutswa ka paipi yaing'ono yochindikala kodutsa mbali zonse ziwiri, kapena awotcherere mawashala ochindikala pamwamba ndi pansi. Chikhomo chitulukire kunsi masentimita osachepera 5 musanafike pa kabowo ka chotsekera, mwa chifukwa chomwe chija cha chotchinga, komanso kuti mphete isamakhule chotsekeracho n'kuchizula.

Chikhomo chopanda chotsekera musachikhulupirire ngakhale chikhale cholemera bwanji. Anthu amati, "Chingatuluke bwanji choloza pansi?" Chimatuluka. Pamsewu wa mabampu chimakwera pang'onopang'ono, mphete ikuchikankha, mpaka chimadumpha. Ikani washala kenako R-clip. Ngati mukugwiritsa ntchito split pin, itambasuleni miyendo yonse iwiri, ndipo ikapindidwa n'kuwongoledwa kawiri katatu itayeni, chifukwa imathyoka. Ngati chikhomo ndi bawuti, mangani manati awiri. Musawotcherere chilichonse pakati pa bawuti ya 8.8, moto umaichotsa kulimba kumene munalipirira. Kuti chikhomo chisamasowe pomasula ng'ombe, chimangirireni ku mtengo ndi katcheni kakang'ono kuchokera pa chogwirira chake. Zikhomo zambiri zimalowedwa m'malo ndi msomali chifukwa chenichenicho chinagwera mu udzu dzulo madzulo.

Ngolo zina zopangidwa m'tauni zimabwera ndi kamwa kunsonga ya mtengo: zitsulo ziwiri zafulati, china pamwamba china pansi, mphete ya goli imalowa pakati, chikhomo n'kudutsa zonse zitatu. Imeneyi ndi njira yabwino, chifukwa chikhomo chimagwiridwa mbali ziwiri ndipo sichipindika msanga. Vuto lake ndi lakuti chikhomo chimodzi chomwecho ndi chimene chikukoka, kubweza ndi kunyamula. Chikatuluka, zonse zatha nthawi imodzi. Ngati ngolo yanu ndi yotere, gawo lotsatirali musalidumphe.

Tcheni chodikirira

Ichi ndi tcheni chimene sichigwira ntchito tsiku lililonse. Chimangodikira tsiku limene chikhomo chidzalephere. Chizungulizeni kawiri pakati pa goli, pambali pa U-bolt, osati m'mphete, chifukwa mphete nayonso ikhoza kukhala imene yaduka. Nsonga zake zikagwire pa mtengo, masentimita 40 kapena 50 kumbuyo kwa chotchinga, pa kamphete kakekake kowotchereredwa kapena komangidwa ndi bawuti yakeyake. Chikamangidwa pa chitsulo chomwe chija chagwira chikhomo, zonse zidzachokera limodzi.

Kutalika kwake mukupeza poyesa. Ng'ombe zisanamangidwe, chotsani chikhomo, kokani goli kutsogolo. Tcheni chiyenera kukungika mphete isanafike kunsonga ya mtengo. Bwezerani chikhomo, pendeketsani goli uku ndi uku ngati mmene limachitira potembenuka: tcheni chisakungike. Mukapeza diso loyenera, tsekani ndi D-shackle, ndipo kabawuti kake mukamange ndi kawaya kopyapyala kuti kasamazungulire. Pa ntchito yonseyi, apa pokha ndi pamene waya ali ndi malo.

Koma musatseke ndi loko, ndipo musawotcherere. Ng'ombe ikagwa m'matope, kapena ngolo ikayamba kukokoloka powoloka mtsinje m'dzinja, mufunika kumasula ziweto m'kanthawi kochepa. Chilichonse cha pamalo amenewa chizitheka kumasulidwa ndi manja, ndi pulayala kapena ndi sipanala, ndipo woyendetsa azikhala ndi mpeni wakuthwa wodulira zingwe za kunsi kwa khosi.

Ngati mumakoketsa abulu

M'madera ozungulira Lilongwe ndi Dedza abulu akuchuluka pa ngolo, ndipo ambiri avekedwa goli la ng'ombe lofupikitsidwa. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali ndi lopyapyala, goli limangokhala pa fupa ndi pakhungu, n'chifukwa chake abulu ambiri a pangolo ali ndi zilonda zosapola pamwamba pa khosi. Mphamvu ya bulu, monga ya hatchi, ili pachifuwa ndi m'mapewa. Akatswiri a ziweto zogwira ntchito akhala akuinena nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Bungwe la ATNESA, loona za ziweto zogwira ntchito kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, linachititsa msonkhano wa za abulu okhaokha ku Debre Zeit, ku Ethiopia, mu 1997. Pamenepa tiyenera kubwereka nzeru kwa anthu a mahatchi, monga alimi achi Amish a ku Pennsylvania ndi ku Ohio m'dziko la America, amene mpaka lero amalima ndi kututa ndi mahatchi ndi nyulu.

Kwa iwo kukoka kumachitikira kumbuyo. Hatchi iliyonse imakoka ndi malamba awiri ochokera pachifuwa kapena pa kolala ya m'mapewa, opita ku kamtanda kake kumbuyo kwa miyendo, timitanda tiwirito n'kulumikizidwa ku mtanda waukulu womangidwa patsinde pa mtengo wa ngolo. Kutsogolo kumakhala kagoli kafupi kamene amati neck-yoke. Sikakhala pakhosi ayi. Kamalendewera kutsogolo kwa zifuwa, kali ndi mphete zitatu, yapakati yolowa mtengo, za m'mbali zomangirira hatchi iliyonse. Ntchito yake ndi kunyamula nsonga ya mtengo, kuwongolera ngolo, ndi kuibweza pamtsetse kudzera pa lamba wodutsa pakati pa miyendo yakutsogolo kukalumikizana ndi lamba wozungulira matako. Choncho hatchi imabweza ngolo ndi matako, osati ndi khosi.

Pa kamangidwe kameneka chotchinga cha kunsi kwa mtengo chimakhalapo ndithu, koma chimene chimasunga mphete pa chotchingacho ndi kukungika kwa malamba okokera. Malamba akatalika kwambiri, kapena mmodzi akamasuka, ziweto zimasendera kutsogolo, mphete n'kusololoka kunsonga, mtengo n'kugwa pansi ngolo ili paliwiro. Ngozi imeneyi anthu a mahatchi amaiopa kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amawonjezera lamba wachikopa kapena tcheni chomangirira mphete ku mtengo, ena amaika ngowe yodzitsekera kunsonga, ena amangomanga kagoliko ku mtengo ndi bawuti. Kwa inu a abulu, zonse tafotokoza pamwambapa zigwira ntchito: chotchinga, chikhomo chotsekedwa, ndi tcheni chodikirira, kungoti zitsulo zikhoza kucheperako chifukwa chikhomo sichikukoka katundu. Siyani mtengo wotalikirapo kutsogolo kwa chotchinga, masentimita 15 kapena 20. Malamba okokera afupike mpaka mphete izikhala yotsamira chotchinga abulu ataima chilili, koma osathina mpaka lamba wa kumatako kumawadya.

Ndondomeko yomangira nayo ndi yofunika, ndipo anthu a mahatchi saisintha: pomanga, yambani ndi kagoli ka kutsogolo, malamba okokera pambuyo. Pomasula, malamba okokera ayambe kuchoka, kagoli kamalizire. Mukasemphanitsa, pamakhala kanthawi kamene ziweto zalumikizidwa ku ngolo koma zilibe chowongolera kapena chobwezera, ndipo galu mmodzi wouwa ndi wokwanira. Dziwaninso kuti ngolo za anthu a mahatchi zambiri ndi za matayala anayi, mtengo wake sulemera. Yathu ya matayala awiri imatsamira pa ziweto, ndiye kwa abulu kulemera kumeneko kuyenera kupita pamsana kudzera pa kachishalo kofewa, ndipo katundu apakiridwe mosamala kwambiri kuposa pa ng'ombe.

Kuyesa ndi kusamala

Musayambe ndi katundu wodzaza. Yendani kaye ngolo ili yopanda kanthu, tembenukani kumanja ndi kumanzere mothina, imani mwadzidzidzi, bwererani m'mbuyo. Wina ayende pambali akuyang'ana mphete ndi kumvetsera. Kulira kwa chitsulo pang'ono n'kwabwinobwino. Kugunda kwamphamvu ponyamuka ndiye kuti danga la pakati pa chotchinga ndi chikhomo lakula, lowetsani mphete ina yopyapyala pa mtengo kuti lichepe. Kenako ikani theka la katundu mukayese pa kamtsetse kofatsa.

Popakira, katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo, kutsogolo kulemereko pang'ono chabe. Muyeso wake ndi wosavuta: ngolo itapakiridwa, munthu wamkulu mmodzi azitha kunyamula nsonga ya mtengo ndi manja popanda kubuula, koma mtengowo usamadzuke wokha. Mangani katundu kuti asasendere, chifukwa matumba oyenda okha pachikweza ndi amene amanyamula goli. Ngolo zathu zambiri zilibe mabuleki, ndiye pamtsetse waukulu chotchinga chija ndi makosi a ng'ombe ndiwo mabuleki onse. Tsikani muyende kutsogolo kwa ng'ombe chammbali, ana atsikenso, ndipo ngati mtsetse ndi woopsa mangani chipika chokhwekhwereza kumbuyo kwa ngolo kapena tsitsani katundu wina mubwerere kawiri. Pa mtengo wa ngolo pasakhale munthu.

Pakatha sabata yoyamba bwerezani manati onse ndi sipanala, mudzadabwa mmene amasukira. Chitaninso chimodzimodzi chilimwe chikafika pachimake, mu Okutobala, pamene mitengo imanyala kwambiri. Ulusi wa mabawuti ndi wa D-shackle muzipaka girisi kapena oyilo wakutha kuti usachite dzimbiri, koma oyiloyo asafike pamene goli limakhudza khungu la ng'ombe. M'mawa uliwonse musanamange, zulani chikhomo muchiyang'ane. Chikayamba kukumbika pamene mphete imakhudza, kapena chikapindika, sinthani; chopindika musachiwongole ndi hamala, chatopa kale. Mphete nayo imadyeka pamwamba pamene imakumana ndi U-bolt, pamalo obisika, ndiye muziitembenuza kuti muone.

Pansi pa mpando wa woyendetsa khomererani kachitini kokhala ndi chivundikiro. Muikemo chikhomo chapadera, R-clip ziwiri, manati angapo, pulayala, ndi sipanala ya 19 ndi ya 24. Mnyamata amene mumamutuma ndi ngolo mumusonyeze kachitiniko, ndipo mumuuze kuti chikhomo chikasowa panjira ndipo chapaderacho palibe, amasule ng'ombe abwere nazo kunyumba, ngolo mukaitenga mawa.